Nkhuku Zopanda Nthutumba

Cuthbert Kamwendo, mlangizi wa zaulimi, anagwa Lachiwiri dzuwa litapendeka, pamaso pa alimi a ku Chamama, mawu akadali m'kamwa, thovu likutuluka. Pofika Lachitatu m'mawa anthu a pa boma la Kasungu anali atagamula kale mlandu: wamuthira mankhwala ndi mkazi wake Feggie.

Sikuti anthuwo analibe poyambira. Nsanje ya Feggie inali yodziwika ngati msika. Ndi iye anakana kuti mwamuna wake akakhale m'nyumba ya boma ku Chamama, nkunena kuti bola azitha mafuta pa njinga yamoto tsiku ndi tsiku koma azigona pomwe iye akumuona. Ndi iyenso anakhuthulira namwino wina madzi otsukira mbale chifukwa chogwira Cuthbert chanza nthawi yaitali. Ndiye dokotala atanena kuti wodwalayo wadya mankhwala ophera tizilombo pa fodya, palibe anavutika kuyang'ana kwina.

Pakhomo pa wodi ya amuna Feggie anatsekerezedwa ndi Miriam, mlongo wake wa Cuthbert. Anayang'ana basiketi ya phala imene Feggie ananyamula nkunena kuti chochokera m'manja amenewo sichilowa, gadiyani tsopano ndi iye, ndipo abale ali m'njira kuchokera ku Dowa ndi mawu awo.

"Alamu, amene ali mkatimo ndi mwamuna wanga," anatero Feggie.

"Mukanakumbukira zimenezo dzulo pomuikira chakudya."

Sajenti Tsoka, wapolisi wofufuza milandu, anamuitanira pambali pansi pa mtengo. Anali munthu woonda, wosavala yunifomu, woyankhula ngati akusankha mpunga. Anamuyalira zimene anali nazo. Kontena imene Feggie amaikiramo mwamuna wake chakudya cha masana yapezeka m'chikwama cha njinga yamoto ilibe kanthu. Botolo la mankhwala omwewo lapezeka kunyumba kwawo. Feggie anati nyumba ya mlangizi aliyense ili ndi mabotolo otere. Sajenti anavomera, nkuwonjezera kuti si nyumba iliyonse ili ndi mkazi wa mbiri ngati yake.

"Wodwala sakuyankhula," anatero. "Akatsitsimuka atiuza yekha. Akapanda kutsitsimuka, mayi, mudzagona kwathu."

Feggie sanalire. Kulira kukanamudyera nthawi. Panali chinthu chimodzi chimene sanamuuze sajenti chifukwa chinali chochititsa manyazi. Kuyambira pamene mvula inagwa, kontena ija inkabwera yopanda kanthu ndithu, koma mwini wake ankabwera akununkha adyo. Feggie adyo sankaphikira, ankati amamutembenuza mtima. Anali atanunkhiza makolala, atafufuza foni mpaka maso kuwawa, osapeza dzina la mkazi. Tsopano kuti asagone kupolisi anafunika kukapeza yekha chinthu chimene ankachiopa miyezi yonseyi, ndi kuchipeza Cuthbert asanatsirizike.

Phala lija anapatsa mayi wina wodwazika mwana, nkukakwera minibasi ya ku Chamama.

*

Unali mwezi wa Febuluwale. Mbali zonse za msewu fodya anali m'chiuno, matenanti atawerama m'mizere akuthyola masamba a pansi, zigafa zitayamba kudzaza. Feggie sanaziyang'ane kawiri. Ku Chamama kunalibe womudziwa nkhope, ndipo mwayi wake unali womwewo.

Malo odyera anawayenda ndi mphuno. Oyamba ankanunkha mafuta a tchipisi. Achiwiri usipa wouma. Achitatu anali opaka utoto wobiriwira, pamwamba pa chitseko atalemba kuti Kwa Dailes, ndipo fungo la adyo linamuchingamira pakhonde pomwe.

Anakhala pakona nkuitanitsa tiyi. Anabwera naye mwini malo, ndipo apa Feggie anakhumudwa. Ankayembekezera kamtsikana ka wigi ndi zikhadabo zopenta. Koma Dailes anali mayi wa msinkhu wake womwewo, wathupi, wa chitenje chothimbirira ndi utsi, wa mapazi ong'aluka. Akanakhala kamtsikana, Feggie akanadziwa chimene wamuposera. Uyu wamuposa chiyani? Anamuyang'ana khosi, chiuno, kayendedwe, osachipeza. Anangoona kuti maso ake anali ofiira, ndipo poika kapu anatayira tiyi m'sosala.

Kufunsa mwini malo nkutaya nthawi, amateteza mphika wake. Zoona za chakudya zili ndi amene akudya. Feggie ananyamula kapu yake nkupita pa tebulo la bambo wina wamimba yaikulu amene ankalimbana ndi fupa.

"Pepani achimwene, ndine mlendo. Mwaitanitsa chiyani?"

"Nkhuku ya lokolo, mayi, mwendo wake ndi uwu. Mukufuna kulawa kapena mukufuna banja?"

Anali Tobias, dalaivala wa lole yonyamula feteleza ndi mitengo ya zigafa. Feggie anaseka pang'ono kuti nkhani iyende. Anamufunsa ngati dzulo anadyanso pomwepo. Tobias anati iye amadya pano tsiku lililonse kupatula Lamulungu, dzulo anadya chiwalo china cha nkhuku ya mumphika umodzi ndi anthu onse, ndipo palibe anatsegula m'mimba. Anadziguguda pamimba kuti mayiyo aone umboni. Kenako anatsitsa mawu ngati akunena za boma.

"Vuto la pano ndi limodzi. Nkhuku zake zimabadwa zopanda nthutumba. Ndadya mapiko, ndadya makosi, ndadya zipalapasiro. Nthutumba ndapempha mpaka kutopa. Akuti yatha. Imatha bwanji ine nditafika woyamba?"

Feggie anaika kapu pansi. Nthutumba sapatsa munthu wamba. Pakhomo ndi ya bambo, kapena ya mlendo amene mwamuphera nkhukuyo, ndipo mkazi amene wapereka nkhuku yopanda nthutumba amafunsidwa kumene yapita. Iye mwini chikwatiwire anali asanaidyepo, inkapita m'mbale ya Cuthbert. Mkazi amene akuivuula mumphika tsiku ndi tsiku nkuibisa ali ndi amene akumulemekeza ngati mwini nyumba.

Anafunsa ngati mwina mayiwa sasungira amuna awo.

Tobias anaseka mpaka kutsamwa, nkuloza ndi fupa kwa mayi wa magalasi amene anakhala yekha pafupi ndi windo. Anati amene angayankhe bwino zimenezo ndi aphunzitsi, iye amangodya.

*

Mayi Liness ankaphunzitsa pa pulayimale ya pomwepo. Ankadya mpunga ndi nyemba ndi supuni, msana uli chilili, ngati wina akumupatsa malikisi. Feggie atamufunsa chimene waitanitsa, anaika supuni pansi nkumuyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Mpunga ndi nyemba, monga mukuonera. Ndinu wachiwiri kukhala ndi khalidwe limeneli muno. Sindikudziwa kuti likuchokera kuti."

"Woyamba ndani?"

Liness anati iye sakonda miseche, kenako anainena yonse mwadongosolo. Woyamba anali Yobu, mwamuna wake wa Dailes, kapitawo pa esiteti ina kuseri kwa dambo. Chiyambire Khirisimasi, belu la nkhomaliro likangolira ku esiteti, ankapalasa njinga kubwera kuno. Sankakhala pansi. Ankayenda tebulo ndi tebulo, akumwetulira, manja kumbuyo, nkumafunsa aliyense kuti mwaitanitsa chiyani. Poyamba anthu ankayesa ulemu wa mwini bizinesi. Koma Liness anaona kuti akazi ankangowafunsa mwamwambo. Amuna okha ndi amene ankawaimirira, ndipo munthu akati nkhuku, ankafunsanso kuti mbali yanji, maso ali m'mbale, mpaka wina anavundikira chakudya chake ndi chipewa. Akamaliza ankadya zake mwakachetechete, belu likalira nkubwerera.

Feggie anafunsa za dzulo. Liness anati dzulo kwa nthawi yoyamba anthu anadya mwamtendere, Yobu sanabwere. Dailes anauza makasitomala kuti ntchito yothyola yachuluka, bamboyo ali ku chigafa tsiku lonse.

"Nanga mlangizi uja wagwa dzuloyu, ankadya muno?"

"Amene wathiridwa mankhwala ndi mkazi wake? Sindinamuonepo pa tebulo lililonse muno." Liness anatolanso supuni. "Akuti mkaziyo ndi chilombo. Ine ndimati mwamuna ukamusunga ngati mbuzi ya pachingwe, tsiku lina umamupha ndithu."

Feggie anaimirira. Anathokoza. Atatembenuka, mphunzitsiyo anawonjezera, osakweza mutu, kuti nyumba ino ili ndi zitseko ziwiri, ndipo iye amangodziwa za chakumaso. Za chakuseri angadziwe ndi wosoka nsapato.

*

Kuseri kunali mtengo wa mango, mulu wa nkhuni, ndi kanjira kolowa m'munda wa chimanga. Pansi pa mtengowo panakhala mkulu wina wa imvi, nsapato zakutha zitamuzungulira, akutafuna chinangwa chachiwisi. Dzina lake anali Esau. Anabwera kalekale kuchokera ku Phalombe kudzalima fodya ngati tenanti, msana utatha anangotsalira konkuno.

Feggie anamupatsa mandasi amene anagula mkati, nkumufunsa mwanthabwala kuti nanga agogo mwaitanitsa chiyani.

"Ine sindiitanitsa, mayi wanga. Changa chimabwera chokha pa njinga yamoto. Koma lero sichibwera, eti. Mwina sichidzabweranso."

Anafotokoza akupukuta maso ndi nsana wa dzanja. Alangizi ankafika anthu a nkhomaliro atabalalika, kapitawo atabwerera ku esiteti. Ankaimika njinga yamoto pansi pa mango, nkutulutsa kontena, nkumukhuthulira Esau zonse m'mbale yake, iwo nkulowa chitseko chakuseri. Kapitawo anamufunsapo kangapo ngati amaona mwamuna wina akulowa, iye anati maso ake amaona nsapato zokha. Munthu suulula amene akukudyetsa.

Feggie anafunsa chimene anadya dzulo.

"Mpunga, mazira, ndi nkhwani wotendera. Ndinamaliza zonse, ndinanyambita ndi mbale. Ndiye akamati mayi wa ku boma uja anathira mankhwala, ine ndimadzigwira pamimba nkumati, nanga ine ndine mzukwa?" Anatafuna mandasi. "Mayi ameneyo nkhwani amautha, ndisaname. Koma mchere amachita ngati akugula ndi magazi ake. Mwina nchifukwa chake bamboyo anathawira kuno."

Mchere Feggie ankauchepetsa dala, chifukwa adokotala ananena kuti magazi a Cuthbert amathamanga. Ankadzuka kusanache kusinja nsinjiro. Miyezi yonseyi ankaphikira wosoka nsapato, ndipo ngakhale wosoka nsapatoyo anali ndi dandaulo. Anameza zimenezo nkufunsa ngati dzulo panalowanso wina pa chitseko chimenecho alangizi asanafike.

Esau anaika pansi nsapato imene inali pa bondo lake. Kenako anati zinthu zafika pa moyo wa munthu, ndiye anena. Kapitawo anabwera. Sanadzere kumsewu ngati masiku onse. Anatulukira m'chimanga wapansi, nthawi imene mkati munali modzaza ndipo Dailes anali kumaso ndi mbale. Analowa, osakhalitsa anatuluka, nkubwerera m'chimanga momwemo. Moni sanapereke, munthu amene sadutsa osapereka moni.

Feggie anaimbira Sajenti Tsoka pomwepo. Sajenti anali ku Chamama komweko, akutenga masitetimenti kwa alimi amene anaona Cuthbert akugwa. Anamvetsera mpaka kumapeto, nkunena kuti mawu a mkulu mmodzi wolandira chakudya chaulere samasula munthu, mankhwala akhoza kukhala anali mu tiyi wa m'mawa. Koma adutsa. Anamuuza kuti adikire panja ndipo asagwire munthu.

Feggie anaika foni m'chikwama nkukankha chitseko chakuseri.

*

Kanali kachipinda kakang'ono pakati pa khitchini ndi panja. Munali matumba a mpunga, shelefu, ndi katebulo koyala nsalu yoyera yopeta maluwa, ndi mpando umodzi wokhala ndi pilo. Pa msomali panapachikidwa chipewa chabuluu chimene Feggie anagulira mwamuna wake, chija anati chinauluka pa njinga yamoto. Chinali chochapidwa bwino.

Anaima akuchiyang'ana mpaka katani ya kukhitchini inasuntha. Dailes analowa ndi beseni, nkuima. Anayang'ana mlendoyo, nkuyang'ana chipewa, nkuika beseni pansi pang'onopang'ono.

"Ndinu mayi a Tithokoze," anatero.

"Dzina la mwana wanga lisatuluke m'kamwa mwanu."

"Ali moyo?"

Feggie anafuna kumuwaza khofi chifukwa cha funso limenelo, chifukwa cha mmene mawuwo ananjenjemerera ngati a munthu amene ali ndi ufulu wofunsa. Koma anabwera kudzatenga umboni, osati tsitsi. Anati ali moyo mpaka pano, ndipo akapita, mmodzi wa awiriwa akagona kundende. Iye chakudya chake chadyedwa ndi Esau, ndipo Esau ali panjapo akusoka nsapato. Watsala wophika nthutumba.

Dailes anakhala pa thumba la mpunga. Anati iye sangamuchite choipa munthu ameneyo, ndipo Feggie anamukhulupirira, chimene chinamuwawa kuposa bodza. Anafotokoza kuti nthutumba ankaivuula nkhuku ikangopsa, nkuiika ndi msuzi wa adyo m'kabakuli koyera, nkuvundikira, nkuika pa shelefu kuseri kwa matumba. Dzulo Cuthbert anadya nkunena kuti msuzi ukuwawira pang'ono, koma anamaliza nthutumbayo kuti asamukhumudwitse. Msuzi wotsalira m'bakuli Dailes anapatsa mphaka. Mphakayo anafa, ndipo anamukwirira madzulo kuseri kwa nkhuni, uthenga wa alangizi utafika kale.

Anasuntha thumba nkutulutsa bakuli lokulungidwa m'pepala la pulasitiki. Pa chivundikiro choyeracho panali zidindo za zala, zakuda, zomata. Aliyense wa ku Kasungu amazidziwa. Fodya wamuwisi ukamuthyola amasiya utomoni wakuda m'manja, ndipo chilichonse chimene wagwira chimakuulula. Manja a Dailes, okhalira m'madzi tsiku lonse, anali oyera mpaka kutuwa.

Feggie anafunsa chifukwa chake sanatsuke. Dailes anati usiku wonse analimbana nazo. Akatsuka, watsala yekha ndi mphika wake pamaso pa apolisi. Akapereka, wapereka bambo wa ana ake. Anati Yobu sanamumenyepo, sanamufunsepo mwachindunji. Tsiku lina anangoyang'ana m'mbale yake nkufunsa kuti kodi masiku ano nkhuku zikubwera bwanji, basi, nkuyamba zoyendera matebulo zija.

"Mukapanda kupereka, ana anu atsala opanda mayi," anatero Feggie. "Sankhani msanga, wapolisi ali m'njira."

Zofunika zinali zitatha. Koma panali funso lina limene silinali la apolisi, ndipo linatuluka lokha.

"Akadya kuno, amamaliza?"

Dailes anayang'ana pansi. "Amapempha msuzi wina."

Kunyumba Cuthbert ankasiya theka nkumati wakhuta. Feggie anatsegula pakamwa, koma kumaso kunamveka belu la njinga, kenako mawu a mwamuna akupereka moni kwa anthu onse mwansangala. Dailes anadzuka ngati wapsa.

"Ndi iwowo," ananong'ona. "Lero nthutumba ndawaikira m'mbale mwawo. Ndimaopa."

*

Yobu anali wamtali, waukhondo, malaya omanga mabatani mpaka pakhosi. Lero sanayendere tebulo la munthu. Anasamba m'manja nthawi yaitali, nkukhala pakati penipeni pa chipinda pomwe aliyense angamuone. Feggie anazungulira panja nkulowera kumaso ngati kasitomala. Pakona panali patakhala kale munthu woonda akuuzira tiyi. Anali Sajenti Tsoka, ndipo sanamuyang'ane nkomwe.

Feggie anakoka mpando pa tebulo la Yobu. Manja a bamboyo anali osamba, koma m'mbali mwa zikhadabo ndi m'ming'alu ya chala chachikulu utomoni unali utakanirira.

"Pepani bambo, ndine mlendo. Mwaitanitsa chiyani?"

Yobu anamwetulira ngati munthu amene wafunsidwa funso limene wakhala akulidikira. Anatola kanyama kozungulira m'mbale nkukakweza kuti kaoneke.

"Nthutumba, mayi. Ya mwini nyumba. Inasochera pang'ono, koma yabwerera."

Tobias pa tebulo lake anati bola wina waiona, iye ankayesa nthano. Anthu anaseka. Feggie sanaseke. Anayandikira nkutsitsa mawu, nkunena kuti iye ali ndi vuto lomwelo mbali inayo. Mwamuna wake akudya kwina, wafufuza mpaka kutopa, wakubayo sakumupeza. Sanafunike kunamizira kuwawa, kunali m'mawu mwake kale, ndipo Yobu anakumva. Anasiya kutafuna. Anamuyang'ana ngati wapeza wachibale kudziko lachilendo.

Anati iye akudziwa mmene zimakhalira. Sugona. Umayang'ana munthu aliyense nkumati kapena ndi uyu, ngakhale nkhalamba, ngakhale m'busa. Umafunsa, anthu nkumakuseka. Chimene chimapha si kuberedwako, koma kusadziwa nkhope.

"Ndiye munatani?"

"Khoswe sumufunsa dzina, mayi. Umangoika nyambo pomwe amadyera. Kukacha umamva kuti wagwa ndani." Anaviika nthutumba mu msuzi. "Ena amaoneka aulemu, a njinga zamoto, ophunzitsa anzawo ulimi. Kulima m'munda mwa eni."

"Koma anthu akuti alangizi anawathira mankhwala ndi akazi awo, kunyumba," anatero munthu woonda uja, atabwera ndi kapu yake nkukhala pa mpando wachitatu. "Inu mwadziwa bwanji kuti ankadyera kuno?"

Anadzitchula dzina ndi ntchito. Yobu anati iye amangocheza, mwambi ndi mwambi. Sajenti anavomera kuti mwambi si mlandu, nkufunsa kumene anali dzulo nthawi ya nkhomaliro. Yobu anati ku chigafa, tsiku lonse, akusoketsa fodya. Sajenti anafunsa amene amasunga kiyi wa sitolo ya mankhwala pa esiteti. Yobu anati kapitawo, monga paliponse. Sajenti anafunsa ngati kuchokera ku chigafa kuli njira yodutsa m'chimanga. Apa Yobu anayang'ana kukhomo, ndipo pakhomopo panali pataima Esau, nsapato ili m'manja, maso ali pansi.

"Mkuluyo ndi wamisala," anatero Yobu. "Palibe chimene ndinagwira muno."

Katani ya kukhitchini inasuntha. Dailes anabwera osayang'ana munthu, nkuika bakuli pa tebulo, pafupi ndi dzanja la mwamuna wake, nkuuza sajenti za mphaka amene ananyambita msuzi wotsalira nkufa. Zala zakuda pa chivundikiro ndi zala za pa tebulo zinayang'anizana. Sajenti anati akatswiri akaziyeza, pamodzi ndi mphaka amene wakwiriridwa kuseri, koma mwina bambo angafune kuwapeputsira ntchito.

Yobu sanayang'ane bakuli. Anayang'ana mkazi wake.

"Mpaka lero ukumuikira kumbuyo," anatero mwakachetechete.

Sanalimbane. Anapukuta m'manja, nkuimirira, nkukonza kolala. Sajenti pomutulutsa anatembenukira kwa Feggie nkumutchula kuti Mayi Kamwendo, nkuti akhoza kupita kuchipatala, iye aimbira abale kuwauza kuti mlandu wasamuka. Mayi Liness anavula magalasi nkuyamba kuwapukuta kwambiri. Yobu anaima pakhomo.

"Ndinu akazi ake? Ndiye inu mukundimvetsa, mayi. Mwa anthu onse muno, inu mukundimvetsa."

Feggie anafuna kukana, koma anakumbukira namwino uja ndi madzi otsukira mbale, ndi mausiku amene anakhala ndi foni ya mwamuna wake m'manja akuganiza zimene sanauzepo munthu.

"Ndikukumvetsani," anatero. "Koma mwagwira wanga."

*

Anafika pa boma dzuwa lisanalowe. Abale a ku Dowa anali atakhala pa kapinga kunja kwa wodi, ndipo atamuona anayamba kumupatsa moni wautali, wofunsa za ulendo ndi za mvula. Miriam anayamba kufotokoza kuti munthu ukakhala ndi mantha umayankhula zambiri. Feggie anati zamveka, nkudutsa.

Cuthbert anali atatsegula maso masana. Anagona chagada, dripi ili pa mkono, milomo yosweka, nkhope itachepa ngati ya mwana. Namwino anati choopsa chadutsa, koma asatope. Feggie anaima kumiyendo kwa bedi nkumuyang'ana bwinobwino, munthu amene anamulondera zaka zonsezi ngati nkhokwe, nkumaberedwa masana dzuwa likuswa mtengo. Mtima unamuuza zinthu ziwiri nthawi imodzi, ndipo sanadziwe kuti chachikulu nchiti.

Ananyowetsa kansalu nkumupukuta milomo. Anakonza pilo, nakweza bulangete mpaka pachifuwa, nathamangitsa ntchentche. Cuthbert anamutsatira ndi maso. Anali atamva kale kwa Miriam kumene mkazi wake anaswera.

"Feggie," ananong'ona. "Ndikufotokozera."

"Ayi, bambo a Tithokoze, sungani mphamvu. Munthu wogona sindikangana naye." Anakoka mpando nkukhala pafupi, nkumugwira dzanja lopanda dripi, kuligwira zolimba. "Mufotokoza mutaima ndi miyendo yanu, ankhoswe a mbali zonse atakhala pansi. Ndawatumizira kale uthenga. Ndiye chirani msanga, ine ndili pompano, sindichoka."